Mafunso ndi mayankho: kuthirira mzere wautali wa mitengo ndi mapaipi odontheza

Nkhani ya mthirira wa dontheza ikayamba, ambiri amaganiza za dimba la tomato kapena anyezi. Mafunso ali m'munsiwa ndi a anthu ena: amene anabzala mango, mapeyala, malalanje, manachesi kapena makademiya mumzere umodzi wautali, mwina m'malire a munda, mwina m'mbali mwa msewu wolowera kunyumba, ndipo atopa ndi kusenza ndowa kuyambira Meyi mpaka mvula yoyamba. Kuti tisamalankhule zam'malere, titenge mzere umodzi wongoyerekeza n'kuyenda nawo mpaka kumapeto: mamita 240, mitengo 40, yotalikirana mamita 6.

Kodi si kungogula paipi yaitali n'kuiyala basi?

Padimba mizere imakhala yaifupi, mamita 20 kapena 30, ndipo ngakhale mulakwitse pang'ono madzi amafikabe. Mzere wa mamita 240 sukhululuka. Madzi akamayenda amakhulana ndi mkati mwa paipi, ndipo mita iliyonse imawadyera mphamvu yokankha, imene amisiri amati presha. Mtengo woyamba umamwa mpaka kukhuta, wapakati umapezako, womaliza umangonyambita.

Chopweteka n'chakuti izi sizioneka msanga. Mbewu za kudimba zikasowa madzi zimafota tsiku lomwelo. Mtengo umapirira mwakachetechete, ndiye pakatha zaka ziwiri mudzangoona mzere uli ngati ana a sukulu oimikidwa motsatira msinkhu, aatali kufupi ndi thanki, aafupi kumapeto. Choncho pa chilichonse chomwe mungasankhe, funso likhale limodzi: mtengo wa nambala 40 ulandira madzi ochuluka bwanji?

Ndiyambe ndagula chiyani?

Musagule kanthu musanayeze zinthu zitatu. Choyamba, kutalika kwa mzere, ndi chingwe choyezera, osati ndi maso. Chachiwiri, kutsetsereka kwa malo. Ngati munapangapo akalozera ndi alangizi a zaulimi, levulo ya pachingwe ija ikwanira. Apo ayi bwerekani kapaipi koonekera mkati komwe amisiri omanga nyumba amathiramo madzi polinganiza maziko. Chachitatu, madzi amene gwero lanu limapereka. Tengani ndowa ya malita 20 ndi wotchi ya pafoni. Ikadzaza pa mphindi imodzi, ndiye kuti muli ndi malita 1,200 pa ola. Koma kuyezaku kuchitike mu Okutobala, ndipo pampu iyambe yagwira ntchito ola lathunthu. Chitsime chilichonse chimaoneka cholemera mu Epulo.

Mtengo umodzi umafuna madzi ochuluka bwanji?

Yezani mthunzi wake dzuwa lili paliwombo. Tengani kutalika kwa mthunziwo kuchokera mbali ina kufika mbali ina, kuchulukitseni ndi nambala yomweyo, kenako ndi 0.8. Mthunzi wa mamita 3 ukupatsani masikweya mita 7. M'miyezi yotentha ya Seputembala ndi Okutobala werengerani malita 5 patsiku pa sikweya mita iliyonse, kutanthauza malita 35. Mu Juni ndi Julayi malita 3 akwanira. Ku Chikwawa, ku Nsanje ndi m'mbali mwa nyanja onjezerani, pamene ku mapiri a Thyolo, Dedza kapena Ntchisi mungachepetseko.

Mitengo 40 ya msinkhu umenewu ndi malita 1,400 patsiku. Koma mitengo imakula. Mthunzi ukafika mamita 6, mtengo umodzi udzafuna pafupifupi malita 145, ndipo mzere wonse udzadutsa malita 5,000. Paipi yaikulu mugulire mitengo ya zaka zisanu zikubwerazo. Timabatani todontha, tolowetsa papaipi kuti madzi azidonthera pamtengo, ndiye mungamaonjezere chaka ndi chaka.

Kodi tepi yodontha yomwe anzanga amagwiritsa ntchito pa tomato ingathandize?

Ayi. Tepi ija ndi yopyapyala, ili ndi timabowo pa masentimita 20 kapena 30 alionse, ndipo imakhala nyengo zochepa chabe. Pa mitengo yotalikirana mamita 6 mudzakhala mukuthirira udzu wapakati. Chofunika ndi paipi yakuda yopanda mabowo, imene mumaboola nokha pamene pali mtengo n'kulowetsapo timabatani, tomwe m'masitolo amati ma dripper. Timapezeka ta malita 2, 4 ndi 8 pa ola.

Nanga paipi ikhale yaikulu bwanji? Ya 16 mm ndi yotchipa.

Ndi yotchipadi, ndipo ndi imene inandigwetsa ine. Ndinayang'ana mtengo wa m'sitolo n'kuiwala mtengo wa kumunda. Wogulitsa anati "madzi ndi madzi, bwana, adutsa," ndipo anadutsadi, kungoti anathera panjira. Chaka chotsatira ndinagulanso paipi, kulipira kawiri.

Tiyeni tiwerenge. Mtengo uliwonse ukhale ndi timabatani 4 ta malita 4 pa ola, ndiye malita 16. Mitengo 40 ndi malita 640 pa ola olowera kumutu kwa paipi. Presha timaiyeza ndi kutalika kwa madzi: madzi oima mamita 10 ndi pafupifupi bar imodzi. Pamalo athyathyathya, madzi amenewa pofika kumapeto kwa mamita 240 amakhala atataya presha yokwana pafupifupi mamita 14 mupaipi ya 16 mm. Mu ya 20 mm amataya pakati pa mamita 4 ndi 5. Mu ya 25 mm safika n'komwe mamita awiri.

Taonani kusiyanako. Paipi yangokula ndi mamilimita 9, koma kutayika kwa presha kwatsika pafupifupi kasanu ndi kanayi. Chifukwa chake n'chakuti kukhulana kuja kumatsika mofulumira kwambiri paipi ikamatakasuka. Mutawirikiza kawiri kukula kwa bowo lake, kumatsika koposa ka 25. Palibe ndalama ina pa ntchito yonseyi imene imabweza phindu ngati yoonjezera pa kukula kwa paipi.

Lamulo lomwe akatswiri a mthirira amatsata ndi ili: presha ya pa kabatani koyamba ndi ya pa komaliza zisasiyane kupitirira 20 peresenti. Zikatero madzi otuluka amasiyana ndi 10 peresenti yokha, zomwe mitengo siidandaula nazo. Ngati pampu yanu ikupereka mamita 10 kumutu kwa mzere, mwaloledwa kutaya mamita awiri okha, ndipo pa mapaipi atatu aja ya 25 mm yokha ndiyo yakhoza mayeso. Chenjezo laling'ono: nambala yolembedwa papaipi nthawi zambiri imakhala ya kunja, pamene madzi amayenda mkati. Ya 16 mm mkati mwake mumakhala pafupifupi 13 kapena 14.

Ndinagula kale ya 16 mm. Nditaye?

Musataye. Lowetsani madzi pakati pa mzere m'malo mwa kumapeto. Mbali iliyonse ikhala ya mamita 120 ndipo inyamula theka la madzi. Mwina mukuganiza kuti kutayika kwa presha kutsika ndi theka, koma kumatsika pafupifupi kasanu ndi kawiri: mamita 14 aja amasanduka awiri. Kungoti madzi ayenera kufika pakatipo kudzera mupaipi yaikulu, ya 32 mm ngati n'kotheka, yopanda mabowo. Ngati thanki simunaimange, imangeni pakati pomwepo.

Njira ina ndi kuika valavu mbali iliyonse n'kumathirira mosinthana, uku m'mawa, uko madzulo. Izi zimathandizanso ngati chitsime chili chaumphawi.

Ndilibe pampu yamphamvu. Thanki yokweza pamwamba ingakwanitse?

Ingakwanitse, bola mudziwe zomwe mukuchita. Poyamba tichotse bodza lomwe lafala: kukula kwa thanki sikuonjezera presha. Thanki ya malita 5,000 ndi mgolo wa malita 200 zikakhala kuti madzi ake afika msinkhu wofanana, zimakankha mofanana. Chowerengedwa ndi kutalika kuchokera pamwamba pa madzi kufika pa kabatani.

Madzi okwera mamita 3 ndi gawo laling'ono la bar imodzi, pamene malita olembedwa pa timabatani wamba amayezedwa pa bar yathunthu. Kabatani ka malita 4 kadzatulutsa malita awiri ndi pang'ono basi. Limenelo si vuto, mungothirira maola 4 m'malo mwa awiri. Vuto lili pa 20 peresenti ija, chifukwa pa mamita atatu ndi masentimita 60 okha. Paipi ya 25 mm idzataya pafupifupi theka la mita, ndiye yapulumukira mkamwa mwa mbuzi. Ya 16 mm yolowetsedwa kumapeto singayese n'komwe. Mwachidule, presha ikachepa paipi ikule.

Kumbukiraninso kuti thanki ikamapunguka presha imatsika nayo, choncho ola loyamba limathirira kwambiri kuposa lomaliza. Ngati muli ndi pampu ya sola, thirirani pamene ikudzaza thanki. Ndipo thanki ya malita 5,000 ikadzaza imalemera matani asanu. Nsanja ya mitengo ya bulugamu imene chiswe chayamba kulawa isakhale pomwe ana amasewera. Ngati pali malo okwera mwachilengedwe, simenti pang'ono pamenepo ndi yabwino kuposa nsanja.

Ogulitsa akundiuza za timabatani ta PC. N'chiyani, ndipo ndi tofunika?

Mkati mwa timeneti muli kamphira kofewa komwe kamapanikiza njira ya madzi presha ikakwera, n'kumasula ikatsika. Zotsatira zake, katulutsa malita ofanana kaya kali kumutu kaya kumapeto, kumtunda kapena kumunsi. Pa mzere wautali wokhala ndi pampu, kapena malo okwera ndi kutsika, ndi tabwino kwambiri ndipo timakulolani kugwiritsa ntchito paipi yocheperapo. Pa mzere wathu, ya 20 mm ikwanira ngati kumutu kuli mamita 15 kapena kuposa.

Koma kamphirako kamafuna presha kuti kayambe ntchito, nthawi zambiri pakati pa mamita 5 ndi 10 malinga ndi mtundu wake. Pa thanki ya mamita atatu mwangotaya ndalama. Werengani papaketi, ndipo presha yolembedwayo ipezeke pa mtengo womaliza, osati pa thanki.

Malo anga ndi otsetsereka. Madzi alowere kuti?

Kumtunda. Madzi saiwala khwawa, ndipo mita iliyonse yomwe paipi yatsika imabweza mita imodzi ya presha. Ngati mzere wanu watsika mamita awiri kapena atatu, mwachita mwayi, chifukwa kutsikako kukubwezerani zomwe kukhulana kwadya. Ukatsika kwambiri, mwina mamita 8 kapena 10, zinthu zimatembenuka, mitengo yakumunsi ndi imene imamira. Apa ndiye pofunika timabatani ta PC, kapena kudula mzere m'zigawo, chilichonse ndi valavu yake.

Pali kanthu kena kobisika. Mukatseka madzi, otsala mupaipi onse amatsikira kumunsi, ndipo kumtunda paipi imayamba kuyamwa mpweya kudzera m'timabatani. Kabatani kakagona m'matope kamayamwa matopewo. Ikani kavalavu kolowetsa mpweya pamalo okwera kwambiri, ndipo timabatani tiziyang'ana kumwamba.

Timabatani tikhale tingati, ndipo tiikidwe pati?

Zimadalira dothi. Pamchenga madzi amalowa choongoka, malo onyowa amakhala ngati karoti. Pa katondo ndi makande amafalikira m'mbali ngati anyezi. Choncho mchenga umafuna timabatani tambiri toyandikana, makande tochepa. Osangokhulupirira ine: dontheza pamalo amodzi maola awiri, mawa lake kumbani ndi khasu muone.

Mbande ya chaka choyamba ikwanira ndi tiwiri, kena uku kena uko, masentimita 30 kuchokera pa thunthu. Mtengo ukamakula, mizu yomwa madzi imasamukira kunja, cha kumene mthunzi ukuthera, ndipo timabatani tiyenera kuitsatira. Njira yosavuta ndi kutulutsa kapaipi kozungulira mtengo ngati chibangili, n'kumakakulitsa chaka ndi chaka. Pa mtengo wobereka, yesetsani kuti malo onyowa afike gawo limodzi mwa atatu a mthunzi kapena kuposa.

Chimodzi chokha ndikuumirirani: madzi asadonthere pa thunthu. Malalanje, mandimu ndi mapeyala amaola patsinde ndi m'mizu pakakhala chinyezi chosatha. Mukaona utomoni ukutuluka m'munsi mwa thunthu la lalanje, yang'anani kaye pomwe kabatani kali.

Bwanji ndingoboola paipi ndi singano kapena msomali wamoto?

Mabowo awiri oboola pamanja safanana, ena amatseka okha, ena amathamangitsa madzi ngati kasupe n'kumaliza presha ya anzawo. Kabatani kenikeni kali ndi njira yokhotakhota mkati yochepetsa liwiro la madzi popanda kuchepetsa bowo. Nzeru imeneyi ndi imene katswiri wa zamadzi Simcha Blass anaikonza ku Israel, ndipo mu 1965 anagwirizana ndi anthu a ku Hatzerim, m'chipululu cha Negev, kuyambitsa kampani ya Netafim. Chidwi chake chinayambira pa mtengo womwe unkakula kuposa anzake chifukwa cha paipi yodontha pafupi nawo. Inde, dontheza anayambira pa mtengo, tomato anabwera pambuyo.

Ngati mitengo ndi isanu yokha ndipo ndalama palibe, kwirirani mtsuko wadothi wosapaka pafupi ndi uliwonse n'kumadzaza. Zimagwira ntchito.

Sefa ndi yofunikadi? Madzi anga ndi oyera.

Oyera m'kapu. Njira ya mkati mwa kabatani ndi yosakwana milimita imodzi kapena kungopitirira pang'ono, ndipo kamchenga komwe diso silikuona kamaunjikana. Gulani sefa ya 120 mesh, nambala yosonyeza kuchepa kwa timabowo take. Pa madzi a pachitsime chakuya ya ukonde ikwanira. Pa madzi a mumtsinje kapena padamu, momwe muli ndere, tengani ya timbale tosanjikiza. Pa thanki ya presha yochepa gulani sefa yokulirapo kuposa paipi yanu, popeza nayonso imadya presha, makamaka ikayamba kuda. Itsukeni sabata iliyonse, ndipo madzi akakhala amatope, tsiku lililonse.

Thanki ikhale yovindikira ndi yosalowa kuwala, apo ayi mudzalima ndere. Potulukira madzi pakhale masentimita 10 kuchokera pansi kuti zinyalala zizitsalira. Ngati madzi anu amasiya dzimbiri lofiira m'ndowa, ali ndi chitsulo. Agonetseni m'thanki usiku wonse kuti chikhazikike pansi.

Kumapeto kwa mzere musatseke kotheratu. Pindani paipi n'kumanga ndi mphira ya tchubu cha njinga, ndipo kamodzi pamwezi masulani kuti madzi atuluke mpaka ayere. Mudzadabwa ndi zomwe zimatuluka. Chitaninso chimodzimodzi tsiku loyamba, musanalowetse timabatani.

Ndikwirire paipi kapena ikhale pamtunda?

Yobweretsa madzi, yopanda mabowo, ikwirireni masentimita 30 kapena 40. Ya timabatani ikhale pamtunda koma yofunditsidwa ndi udzu kapena mapesi. Paipi yakuda ikapsa ndi dzuwa imatalika, ikazizira imabwerera, ndipo pa mamita 240 kusinthaku kumatha kufika mita yathunthu pakati pa mbandakucha ndi masana. Mukaikoka kuti gwa masana, usiku idzazuka polumikiza, ndipo timabatani tidzasuntha pamalo. Iyaleni mokhotakhota pang'ono ngati njoka, isiyeni igone usiku umodzi, ndipo muboole m'mawa kukadali kozizira.

Adani ake mukuwadziwa kale. Makoswe ndi agalu amailuma pofuna madzi. Mbuzi zomasulidwa pambuyo pokolola zimaiponda n'kuzula timabatani. Khasu la waganyu wosauzidwa limaidula. Koma woopsa kuposa onse ndi moto wa osaka mbewa, chifukwa udzu womwe mwafunditsawo ndi nkhuni zokonzeka kale. Lambulani mbali zonse za mzere Julayi asanathe. Udzuwo usakhudzenso thunthu, kuopa chiswe. Sungani zolumikizira zingapo m'nyumba, mudzazifuna Lamlungu sitolo zitatseka.

Ndingathire feteleza m'thanki?

Yureya amasungunuka bwino ndipo angadutse, bola alowe madzi asanafike pa sefa, ndipo mukatha muyendetse madzi oyera kwa theka la ola. Wachitowe ndi ena okulitsa a timibulu ayi: sasungunuka onse, ndipo zotsalira zake zimatseka timabatani. Amenewo ndi manyowa ikani pansi, pamalo ponyowa.

Ndizithirira tsiku lililonse?

Pamchenga, m'miyezi yotentha, inde. Pa katondo ndi makande kawiri kapena katatu pa sabata, koma kwa maola ochuluka, kuti chinyezi chilowe pansi ndipo mizu ipeze mpata wopuma. Kuthirira mphindi khumi tsiku ndi tsiku kumalera mizu yaulesi ya pamwamba, ndipo mtengo wotero sulimba pamphepo.

Mango obereka ali ndi khalidwe lawo. Amafuna nyengo youma ndi yozizira kuti achite maluwa, choncho mvula ikatha asiyeni, ndipo muyambe kuthirira maluwa akatuluka n'kuyamba kumanga timango. Mukawapatsa madzi ndi feteleza mu Meyi ndi Juni adzakuthokozani ndi masamba. Apa mpamene kusakaniza mitundu mumzere umodzi kumavutira: ngati mango ali pakati pa malalanje, ikani kavalavu pa chibangili cha mtengo uliwonse wa mango.

Madzi a kwathu ndi amchere pang'ono. Zitheka?

M'madera ena a m'chigwa cha Shire zitsime zambiri zili choncho. Dontheza amapirira madzi otere kuposa njira zina chifukwa pansi pa kabatani pamakhala ponyowa nthawi zonse, koma mcherewo umakankhidwira m'mphepete mwa malo onyowa, ndipo mumauona ukuyera ngati phulusa. Mvula yoyamba ikakhala yowaza chabe imautengera ku mizu. Choncho musatseke madzi tsiku lomwe mvula yayamba, dikirani igwe yokwanira kutsuka dothi. Mapeyala ndi malalanje sagwirizana ndi mchere, ndiye yezetsani madziwo musanabzale.

Ndingalumikize ku mjigo wa m'mudzi kapena kupopa mumtsinje?

Mjigo wa m'mudzi ndi wakumwa, ndipo malita 1,400 patsiku ndi ndowa 70 za anthu ena. Mlandu wake ukathera kwa amfumu. Za mtsinje ndi chitsime chakuya chanuchanu, ku Malawi lamulo la zamadzi la 2013 linakhazikitsa bungwe la National Water Resources Authority, lomwe limapereka zilolezo zotunga madzi opitirira a ntchito za pakhomo. Funsani ku ofesi ya zamadzi kapena ya mthirira ya m'boma lanu musanakumbe.

Ndamaliza kuyala. Ndidziwa bwanji kuti zili bwino?

Tengani makapu atatu ofanana. Tsegulani madzi, dikirani mphindi khumi kuti mpweya utuluke, kenako tcherani kapu pa kabatani ka mtengo woyamba, wapakati ndi womaliza kwa mphindi zitatu. Kabatani ka malita 4 pa presha yokwanira kapereka mamililita 200. Ikani makapuwo pamalo amodzi. Ngati ya kumapeto yatsala pang'ono chabe, zili bwino. Ngati ili ndi theka, tsukani sefa, tsegulani kumapeto, fufuzani pomwe paipi yapindika kapena kulumidwa, kenako yezaninso. Zikakhalabe choncho, vuto ndi kukula kwa paipi, ndipo bwererani ku funso la kulowetsa madzi pakati.

Lembani manambala atatuwo m'kope pamodzi ndi tsiku, ndipo muzibwereza mwezi uliwonse wa chilimwe. Poyendera mzere yambirani kumapeto, kubwerera cha ku thanki.